Kuyendetsa kamera m'mapulogalamu a 3D: kuzungulira, kugubuduza kapena kulowa m'kati?

Munthu akatsegula koyamba pulogalamu youmbira zinthu za 3D, asanavutike n'kuumba amayamba wavutika n'kuona chimene akufuna kuumbacho. Sikirini ndi yathyathyathya ndipo mausi imayenda njira ziwiri zokha patebulo, pamene kamera imene ikumuonetsa chinthucho ili ndi njira 6 zoyendera. Ikhoza kusuntha cham'mbali, kukwera kapena kutsika, kupita kutsogolo kapena kubwerera m'mbuyo, ndiponso ikhoza kutembenuka m'njira zitatu: kucheukira kumanzere kapena kumanja, kuwerama kapena kuyang'ana kumwamba, ndi kupendekeka ngati munthu amene wagoneka mutu paphewa. Njira zonse zoyendetsera kamera zimene akatswiri akhala akupanga zimayankha funso limodzi lomweli: pa njira 6 zimenezi, ndi ziti zimene ziperekedwe m'dzanja la munthu, ndipo ndi ziti zimene pulogalamu imusungire? Maganizo anga, amene ndiwateteza m'nkhani yonseyi, ndi akuti ufulu wopitirira umene ntchito ikufuna ndi umene umasocheretsa anthu.

Kwa kompyuta, kamera ndi manambala ochepa chabe. Anthu amene analembapo mapulogalamu ndi OpenGL, chida cholembera mapulogalamu a zithunzi za 3D, amakumbukira lamulo la gluLookAt, limene limafunsa zinthu zitatu: pamene diso lili, pamene likuyang'ana, ndi mbali imene tiziitcha kumwamba. Pamwamba pa zimenezi pamabwera kukula kwa galasi la kamera, kumene kumanena kuchuluka kwa zinthu zolowa m'chithunzi. Mu 1990, Colin Ware ndi Steven Osborne anayerekeza mafanizo atatu a mmene munthu angaganizire kamera imeneyi: kunyamula diso m'dzanja n'kumaliyendetsa, kunyamula malo onsewo m'dzanja n'kumawatembenuza, kapena kukwera chombo chouluka n'kulowa nacho m'malowo. Anapeza kuti kunyamula malo m'dzanja kumayenda bwino pofufuza chinthu chimodzi uli kunja kwake koma kumavuta ukafuna kuyenda m'kati, pamene kuuluka kumathandiza kwambiri m'kati. Papita zaka zoposa 30, koma kusiyana kumeneku kukadali maziko a kasankhidwe konse.

Njira imene anthu ambiri amayamba kukumana nayo ndi ya turntable, imene pulogalamu youmbira zinthu za 3D ya Blender imayambira ndiponso imene ili mu OrbitControls ya three.js, chida choonetsera zinthu za 3D pa masamba a pa intaneti. Kamera imakhala ngati yamangidwa ndi chingwe pachikhomo chosaoneka chimene chili pakati pa chinthucho. Mukakoka mausi cham'mbali, kamera imazungulira chikhomocho osakwera kapena kutsika, ndipo mukaikoka chokweza kapena chotsitsa, kamera imakwera kukayang'ana chinthucho kuchokera pamwamba kapena kutsika kukachiona cha pansi. Kupendekeka kulibemo. Kumwamba kumakhalabe kumwamba ngakhale mutazungulira kangati, kotero kuti nyumba imaima chilili, mpando sugona cham'mbali, ndipo munthu amene wangoyamba kumene sasowa kolowera. Pulogalamu imangosunga manambala awiri a madigiri ndi nambala imodzi ya kutalika kwa chingwe, ndipo n'chifukwa chake njirayi ndi yosavuta kuilemba komanso kuiikira malire. Wopanga tsamba loonetsa katundu, mwachitsanzo, akhoza kuletsa kamera kutsika kupitirira pamene chinthucho chakhala, kuti woonera asalowe pansi pa nthaka.

Mtengo wa mtendere umenewu umaonekera kamera ikafika pamutu penipeni pa chinthucho. Pamenepo mbali imene kamera ikuyang'ana imagona pamzere umodzi ndi mbali imene tinaitcha kumwamba, ndiye kukoka mausi cham'mbali sikukuonetsaninso mbali ina ya chinthucho, kumangochizunguza pasikirini ngati muvi wa wotchi. Vutoli ndi la mtundu umene mainjiniya amautcha gimbal lock, pamene mizere iwiri yotembenukirapo imakumana n'kukhala ngati umodzi, njira imodzi yotembenukira n'kutayika. Mapulogalamu ena amaimitsa kamera isanadutse pamutupo, ena amailola kudutsa, chinthu n'kuoneka chozondoka. Pali vuto linanso limene limadza chifukwa chakuti mapulogalamu sanagwirizane kuti kumwamba n'kuti. Pa mizere itatu yoyezera malo, imene imatchedwa X, Y ndi Z, mapulogalamu a Blender, 3ds Max ndi Unreal amati kumwamba ndi mzere wa Z, pamene a Maya ndi Unity amayambira pa Y. Chinthu chikachoka mupulogalamu ina n'kulowa mu inzake chili chigonere, turntable imachizungulira mokhulupirika ndithu, koma pamzere wolakwika, ndipo munthu amalimbana ndi mausi mpaka atazindikira kuti choyenera kuimika ndi chinthucho.

Nanga chinthu chimene chilibe kumwamba? Molekyu ya puloteni, fupa limene lajambulidwa ndi makina a kuchipatala, kachitsulo ka m'kati mwa injini, zonsezi munthu amafuna kuzitembenuza ngati wazigwira m'manja. Apa ndi pamene pamalowa njira ya trackball. Mu 1988, Michael Chen, Joy Mountford ndi Abigail Sellen anafotokoza njira yoganizira kuti chinthucho chili m'kati mwa mpira wagalasi, ndipo mausi ndi chala chimene chikugubuduza mpirawo. Mukakoka pakati pa mpira, chinthu chimagubudukira kumene mwakokerako, ndipo mukakoka m'mphepete, chimazungulira chopendekeka. Njira zitatu zonse zotembenukira zimakhala m'dzanja limodzi. Koma amene anaigwiritsapo ntchito amadziwa khalidwe lake lina: mukayendetsa mausi mozungulira timizere ting'onoting'ono n'kuibwezera pamene munayambira, chinthucho sichibwerera mmene chinalili, chimakhala chitapendekeka pang'ono. Kupendekeka kumeneku kumaunjikana, ndipo pakapita mphindi zochepa mumapeza kuti nyumba imene mumaiyang'ana yagona chammbali popanda kudziwa kuti inagona liti.

Ken Shoemake anayesa kuchiza nthendayi mu 1992 ndi njira imene anaitcha Arcball. M'njira yake, katembenukidwe ka chinthu kamadalira malo awiri okha, pamene munadina ndi pamene mausi ili tsopano, mosatengera njira imene dzanja ladutsa pakati pake. Mukabwezera mausi pamene munayambira musanasiye batani, chinthu chimabwerera ndendende. Masamu ake ndi a ma quaternion, manambala a zigawo zinayi amene William Rowan Hamilton anatulukira ku Dublin mu 1843, ndipo Shoemake yemweyo ndi amene anawatchukitsa pa ntchito ya zithunzi za pakompyuta mu 1985. Ubwino wawo ndi wakuti sakhala ndi malo omangika ngati pamutu pa turntable. Chimene chimadabwitsa dzanja mu Arcball n'chakuti chinthu chimatembenuka kuwirikiza kawiri mtunda umene mwakoka pampirawo, kotero kuti kukoka kuchokera m'mphepete mpaka m'mphepete mwina kumachizunguza madigiri 360. Ena amaona kuti chinthucho chikuthamanga kuposa chala. Kwa ine, Arcball ndi yabwino kuposa trackball yakale ngati ntchito ikufunadi kupendekeka, koma zonse ziwiri sindingazipereke kwa munthu amene akujambula nyumba, msewu kapena munthu woimirira, chifukwa zimamupatsa ntchito yowongola chithunzi imene sanaipemphe.

Anthu amakangana kwambiri za turntable ndi trackball, koma chimene ndaona chikuwononga nthawi yambiri ndi chikhomo chija, malo amene kamera imazungulirapo, amene nthawi zambiri saoneka n'komwe pasikirini. Ndinakhalapo pambali pa wophunzira wina amene ankaumba mpando. Anali atafika pa mwendo wakumbuyo ndipo ankafuna kuona mmene walumikizirana ndi thabwa lokhalira. Anasuntha chithunzi mpaka mwendowo unafika pakati pa sikirini, kenako anakoka mausi kuti auzungulire, koma mwendowo unangoti psiti, kutuluka pasikirini. Anayesanso kachiwiri, zomwezo. Atayesa kuyandikitsa ndi kagudumu ka pamausi, chithunzi chinayamba kuyenda pang'onopang'ono mpaka kuima, mwendowo ukadali patali. Iye ankaganiza kuti kompyuta yalemedwa, koma vuto linali lakuti chikhomo chinali chitatsala m'malere, patsogolo pa mwendowo, ndipo kamera inkazungulira ndi kuyandikira malo opanda kanthu. Titasankha mwendowo n'kudina batani la kadontho la kumbali ya manambala pakiyibodi, kamera inalumphira pa mwendowo, chikhomo n'kukhomeka pomwepo, ndipo zonse zinayamba kumvera dzanja lake.

Batani limenelo la mu Blender, limene mu Maya ndi mu Unity ndi F, ndi limene wophunzira aliyense ayenera kuliloweza asanaphunzire china chilichonse chokhudza kamera. Pali njira zitatu zoikira chikhomo, ndipo iliyonse ili ndi pake. Chikhomo chikhoza kukhala pakati pa sikirini pamtunda wina wake, ndipo umu ndi mmene mapulogalamu ambiri amayambira. N'chodalirika koma chimatsalira mosavuta monga zinachitikira pampando uja. Chikhoza kutsatira chinthu chimene mwasankha, zimene zimathandiza poumba kachigawo kamodzi koma zimasokoneza ngati chimene mwasankha chili kutali kapena n'chachikulu kwambiri. Chikhozanso kukhomeka pa chilichonse chimene chili pansi pa kamuvi ka mausi panthawi imene mwadina, ndipo pulogalamu imadziwa mtunda wake poyang'ana kuya kwa chithunzi pamalopo. Mu Blender zosankha zimenezi zili m'makonzedwe a kayendetsedwe, ndipo ine ndimakonda yachitatuyi pa ntchito zazikulu, chifukwa diso limakhala litasankha kale malo ofunika dzanja lisanayambe kukoka. Opanga mapulogalamu akanachita bwino kumaonetsa kadontho pamene pali chikhomo nthawi yonse imene munthu akuzungulira, chifukwa chinthu chimene sichioneka munthu sangachikonze.

Kuima kwa chithunzi kumene wophunzira uja anaona kuli ndi chifukwa chake chabwino. Mu 1990, Jock Mackinlay, Stuart Card ndi George Robertson a kumalo ofufuzira a Xerox PARC anaonetsa kuti kuyandikira chinthu kumakhala kosavuta kuwongolera ngati kamera imadya gawo lofanana la mtunda umene watsala, m'malo moyenda mtunda wofanana nthawi zonse. Tiyerekeze kuti mtunda ndi mamita 100 ndipo kamera ikudya gawo limodzi mwa magawo 10: choyamba iyenda mamita 10, kenako 9, kenako 8.1, n'kumachepetsa liwiro pamene ikuyandikira. Patali imathamanga, pafupi imanyang'ama, ndipo sigunda chinthucho. Nzeru imeneyi imagwira ntchito pokhapokha ngati malo amene kamera ikuyandikirawo ndi amene munthuyo akufunadi, ndiye tabwereranso pachikhomo.

Mawu akuti kuyandikitsa amabisa zinthu ziwiri zosiyana. Kamera ikhoza kuyenda n'kufika pafupi, kapena ikhoza kuima pomwepo n'kuchepetsa kukula kwa malo amene galasi lake likutenga. Poyenda, zinthu zapafupi zimakula msanga kuposa zakutali ndipo zimene zinabisika kuseri zimayamba kuoneka kapena kubisika. Pochepetsa galasi, zonse zimakula mofanana ndipo chithunzi chimaoneka chophwatalala. Pa ntchito ya tsiku ndi tsiku, kuyenda ndiye koyenera, ndipo galasi ndi bwino kulisiya mmene lilili mpaka pamene mukukonza chithunzi chomaliza. Ngati chinthu chayamba kudukaduka mukachiyandikira, ngati kuti chachekedwa ndi mpeni, ndiye kuti chadutsa malire apafupi a kamera, pakuti kamera iliyonse imangojambula zimene zili pakati pa malire apafupi ndi akutali. Kuchepetsa malire apafupiwo kumathandiza, koma mukawachepetsa mopitirira, makoma awiri oyandikana amene ali kutali amayamba kuthwanimathwanima molimbirana, chifukwa manambala osungira kuya kwa chithunzi amathera pa zinthu zapafupi.

Mukafuna kulowa m'kati mwa nyumba, kuzungulira chikhomo kumasiya kugwira ntchito, popeza kamera imene ili pachingwe imangotulukira kunja kwa makoma. Apa njira yabwino inachokera kumasewera a pakompyuta. Osewera Quake, imene inatuluka mu 1996, anazolowera kuyenda ndi mabatani a W, A, S ndi D kudzanja lamanzere uku akucheuka ndi mausi kudzanja lamanja, ndipo Half-Life ya mu 1998 inabwera mabataniwa ataikidwa kale chomwecho. Lero Unreal ndi Unity amalola zomwezo mukagwira batani lakumanja la mausi, ndipo Blender ili ndi njira yoyenda ndi youluka. Kusiyana kwake ndi turntable n'kwakuti chikhomo chili padiso penipeni, choncho mukakokera mausi kumanja, malo onse amasunthira kumanzere, mosiyana ndi mmene dzanja linazolowerera pozungulira. Kuyenda, kumene kumasunga diso pamsinkhu wa munthu, kumauza wojambula mapulani zinthu zimene kuzungulira sikungamuuze, monga kufupika kwa denga kapena kupanikizika kwa khonde. Kuuluka kumapereka ufulu wochuluka ndipo kumasocheretsanso mofulumira. Vuto la zonse ziwiri ndi liwiro, chifukwa liwiro loyenera m'chipinda ndi lochedwetsa mumzinda, ndipo n'chifukwa chake kagudumu ka pamausi kamasanduka kosinthira liwiro m'njira zimenezi. Poumba chinthu chimodzi njirayi ndi yotopetsa, pakuti kuti muone kuseri muyenera kuyenda chammbali uku mukucheuka, ntchito imene turntable imaichita ndi kukoka kamodzi.

Palinso nthawi imene njira yabwino ndi kusayendetsa kamera n'komwe. Mainjiniya anayamba kalekale kujambula chinthu kuchokera kutsogolo, m'mbali ndi pamwamba, m'kaonekedwe ka orthographic kamene zinthu sizichepa zikatalikira, kuti mizere yofanana kutalika izioneka yofanana. Mu Blender mabatani a 1, 3 ndi 7 a kumbali ya manambala amapereka mbali zitatuzi, ndipo 5 amasintha kaonekedwe. Pofuna kulinganiza zinthu ziwiri kapena kuyeza, palibe kuzungulira kumene kungapose zimenezi. Kampani ya Autodesk inabweretsa ViewCube cha mu 2008, kabokosi ka pakona ya sikirini kamene nkhope zake 6, m'mphepete mwake 12 ndi makona ake 8 zimapereka mbali 26 zodinapo. Phindu lake lalikulu, mmene ndimaonera, n'lakuti kamakuuzani kumene mwayang'ana ngakhale musanakakhudze, ndiponso kuti kamera silumpha mwadzidzidzi koma imatembenuka mukuiona, kotero kuti maganizo amatsatira ulendowo.

Amene amakhala tsiku lonse pa mapulogalamu a uinjiniya nthawi zina amagula SpaceMouse ya 3Dconnexion, kachipangizo kamene kamamva kukankha, kukoka, kupotokola ndi kupendeketsa, n'kupereka njira zonse 6 nthawi imodzi kudzanja limene siligwira mausi. Kamafuna masiku angapo kuti dzanja lizolowere, ndipo n'zochititsa chidwi kuti makonzedwe ake amalola kutseka njira zina, monga kupendekeka, zimene ambiri amachita poyamba. Pafoni ndi patabuleti anthu anagwirizana msanga: chala chimodzi chimazunguza, zala ziwiri zimatsina kapena kutambasula poyandikitsa, ndipo zikayendera limodzi zimasuntha chithunzi. Popeza woonera pafoni nthawi zambiri sanaphunzitsidwe chilichonse, turntable yokhala ndi malire a kuyandikira ndi kutalikira, pamodzi ndi batani lobwezera kamera poyambira, ndi imene imamuteteza.

Magalasi ovala kumutu oonetsa zithunzi za 3D, amene Ivan Sutherland anaonetsa umodzi mwa mitundu yake yoyambirira mu 1968, amasintha nkhani yonse, chifukwa kamera imakhala mutu wa munthuyo. Njira zonse 6 zimabwerera kwa mwini wake, ndipo palibe chophunzira. Koma ufulu umene munthu wapatsidwa pamenepa pulogalamu imalandidwa: siyeneranso kutembenuza kapena kukankha kamera payokha. Maso akaona kuti thupi likuyenda pamene ziwalo za m'kati mwa khutu zikuti lili phee, ambiri amamva chizungulire ndi nseru, ndipo chithunzi chikamachedwa kutsatira mutu zimakhalanso chimodzimodzi. N'chifukwa chake magalasi a Oculus Rift ndi HTC Vive a mu 2016 ankasintha chithunzi ka 90 pasekondi. Pofuna kupita kutali kuposa pamene chipinda chenicheni chathera, opanga mapulogalamu ambiri amagwiritsa ntchito kulumpha: munthu amaloza pansi pamene akufuna kukaima, chithunzi chimada kamphindi, n'kupezeka wafika. Potembenuka ndi batani amadumphitsa chithunzi madigiri 30 kapena 45 nthawi imodzi m'malo mochizunguza pang'onopang'ono, ndipo pamene kuyenda mosalekeza sikungapeweke, amadetsa m'mphepete mwa chithunzi kuti diso lione zochepa zoyenda. Kutembenuka kwapang'onopang'ono kumene kumathandiza munthu kutsatira ViewCube pasikirini ndi komweko kumene kumamudwalitsa akavala magalasi, choncho wolemba pulogalamu imene idzagwire ntchito ponse pawiri ayenera kulemba kamera ziwiri zosiyana ndi kuziyesa padera, iliyonse pa anthu amene sanaigwirepo.